Mano Atatu a Chokungira

1. Mizati iwiri

Kuseri kwa nyumba zosanjikizana kunali bwalo. Kale bwalolo linali ndi mitengo isanu ndi inayi, ikuluikulu, yoti anthu awiri ogwirana manja sakanaizungulira. Munthu amene anachoka mitengoyo ilipo, akabwera lero angaganize kuti basi yamutsitsa polakwika. Anaidula yonse, ati pakhale poimika magalimoto. Magalimotowo mpaka lero sanafike. Panatsala simenti yong'ambika ndi mizati iwiri yachitsulo, yofika m'chifuwa, ya mpanda umene sunamalizidwe.

Pakati pa mizati imeneyi ndi pamene Nthenga ankaphunzirira kuyenda pa lamba.

Nthenga anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa akamayenda phazi lake silinkamveka. Kwa miyezi isanu ndi itatu, tsiku lililonse akaweruka kusukulu, ankavula nsapato n'kukwera pa lamba. Zidendene zinang'ambika, mawondo anadzaza zipsera, koma sanasiye.

Lambayo anali wa mtundu umene amamangira katundu pa lole. Kumapeto kwake kunali chokungira, chitsulo cholemera ngati njerwa, chokhala ndi mano ndi chogwirira. Ukakoka chogwiriracho, dzino limodzi linkalowa, kha! lamba n'kukungika.

Sabata ina kunabwera uthenga. Mphunzitsi wina wa masewera a pachingwe, wa mumzinda waukulu, ankafuna mwana mmodzi woti akamuphunzitse chaka chathunthu, sukulu ndi pogona zili komweko. Wofuna malowo anayenera kutumiza kanema wa pafoni isanakwane 5 koloko madzulo a Lachisanu. Lamulo lake linali lomveka bwino. Lamba akhale wa mamita 16. Ukafika pakati ukhale pa lambayo, unjanje, uimenso, umalize ulendo. Lamba asakhudze pansi.

Mayeso a kusukulu a chaka chatha anali atamugwetsa Nthenga. Amayi ake, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo, anali atanena kale kuti, "Ukalepheranso, mpando wachiwiri pamakina ulipo." Nthenga ankaudziwa mpando umenewo. Unali waufupi mwendo umodzi, ndipo unkayang'ana kukhoma.

2. Ndowa

Sukulu inatsekera Lachinayi. Lachisanu m'mawa pabwalo panakumana anthu anayi. Panali Nthenga. Panali mnzake wapamtima, Wailesi, amene pakamwa pake sipankazima. Panali Kapitawo, mnyamata wamkulu pa onse, amene ankatsogolera kagulu kawo ka oyenda pa lamba. Wachinayi anali Malume.

Malume anali mlongo wawo wa amayi a Nthenga. Anakhala zaka makumi awiri ndi zisanu kumadoko akunja, akumanga zingwe pa katundu wokwezedwa ndi makina. Anabwerako ndi sutikesi imodzi, chifuwa chosatha, ndi dzanja lamanja la zala zitatu. Anapeza anzawo ena ali kumanda, ena atawaiwala, ndipo ana a m'nyumbazo ankangowatcha mdala wa zingwe. Lamba ndi chokungira zinali zawo.

Anamanga lambayo mosathamanga, mulingo wa m'chiuno. Anakoka chogwirira kangapo n'kusiya. Nthenga anakwera, anafika pakati, anakhala, ananjanja. Lamba anamenya simenti, phwa!

"Wakhudza!" anakuwa Wailesi. "Nkhani yomwe tangolandira kumene: nthenga ina yapezeka kuti ndi mwala."

"Malume, onjezaniko," anatero Nthenga. "Mano atatu okha."

"Ayi."

"Atatu okhatu, Malume."

"Ndamva. Zinaduka ndi zala, makutu alipo. Iwe wa pakamwa, tenga ndowa iyo ukadzaze madzi."

Malume anamasula chingwe choyanikapo zovala n'kukoleka ndowa pakati pake. Nsonga ina anapatsa Kapitawo, ina anapatsa atsikana awiriwo.

"Kokani mpaka chingwe chiwongoke ngati rula."

Kapitawo anaseka. "Kandowa aka, bambo? Ndimakanyamula ndi chala."

Anakoka. Ndowa inakwera msanga, kenaka inayamba kukana. Anakokabe. Chingwe chinawadya zikhatho. Nsapato za Kapitawo zinayamba kukwekwereza pa simenti, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Koma pakati pa chingwe panali popindikabe.

"Bwanji, mwana wamphamvu?" anafunsa Malume. "Si paja umanyamula ndi chala?"

Ndowa itatsika, Malume anakhala pa njerwa natsokomola.

"Tsono mverani, chifukwa sindibwereza. Ndowa ikufuna kupita pansi. Chingwe chikapindika kwambiri chimakokera m'mwamba, ndiye ndowa imanyamulika mosavuta. Chikayamba kuwongoka chimakokera m'mbali. Mphamvu yake yambiri imathera pokokana ndi inu ogwira nsonga, yochepa chabe ndiyo imanyamula ndowa. Kuti yochepayo ikwane, chingwe chiyenera kukoka moopsa. Chingwe chowongokeratu chili ndi katundu pakati kulibe padziko pano. Chimaduka chisanawongoke."

Anatola kachidutswa ka njerwa nalemba pa simenti.

"Iwe, mphwanga, umalemera makilogalamu 50. Lamba ndi mamita 16. Chulukitsa, ndi 800. Tsono ona mmene lamba watsikira pakati, uchulukitse kanayi, ugawe 800 uja ndi zimenezo. Akatsika mita imodzi, mzati uliwonse ukukokedwa ndi makilogalamu 200. Akatsika theka la mita, 400. Akatsika theka la thekalo, 800. Iwe sunanenepe, ukadali kamtsikana komweko, koma mzati ukumva ngati wakolekapo ng'ombe ziwiri. Ukanjanja, zikubwera zina."

"Koma mzati ndi wachitsulo, bambo," anatero Kapitawo.

"Wachitsulo pamwamba. Gwada uone m'tsinde."

Palibe anagwada.

"Mvula ya zaka khumi yakhala ikugona m'tsindemo. Ikanakhalapo mitengo ija, ndikanati kungani mmene mufunira. Pansi pa mtengo umene unali apa ndi pomwe ndinatsanzikana ndi mayi ako, iwe usanabadwe. Anthu a kuno anadula zamizu n'kubzala mapaipi."

Anatukula dzanja lamanja kuti onse alione.

"Amati tsoka silinunkha. La chingwe limalira. Tsiku limene ndinataya zala izi, chingwe chinalira kawiri, ndipo tonse tinamva. Koma sitima inkachedwa, bwana akuyang'ana wotchi, ife tinati kamodzi kokha aka. Ine ndinataya zala. Mnzanga amene anaima kutsogolo kwa chitsulo sanataye kanthu. Anangogona pomwepo, zala zake zonse khumi zili bwinobwino, osadzukanso. Chingwe chikaphonyoka sichisaka amene anachikunga. Chimamenya amene waima pafupi."

3. Chingwe chofiira

Malume anatulutsa m'thumba chingwe chofiira, chopyapyala koma cholimba. Anachikulunga pa chogwirira cha chokungira, n'kukachimanga pa mphete yachitsulo yozikika m'khoma, kuseri kwa mzati.

"Ichi chili ndi ntchito ziwiri. Chamanga chogwirira kuti wopusa asawonjezere dzino. Ndipo mzati ukagonja, chigwira chitsulo kuti chisauluke. Yang'ana mfundo yake, mphwanga. Umalowetsa uku, umadutsa pansi, kenaka umabwerera m'mene unachokera."

Maso a Nthenga anali pa foni ya Wailesi, pomwe pankaoneka nthawi.

"Ndaona, Malume."

"Sunaone. Koma mvera. Mankhwala a lamba wokhudza pansi si kukunga, ndi kukweza. Ndikukhomera miyendo iwiri yamatabwa, tiike pansi pa lamba, kufupi ndi mizati. Akakhala pamwamba atha kutsika mmene afunira. Mawa m'mawa ikhala itatha."

"Mawa? Kanema akufunika lero!"

"Mulembere mphunzitsiyo akudikire tsiku limodzi."

"Sadikira, Malume. Ofuna ndi ambiri."

"Akapanda kudikira, chaka chamawa chilipo."

"Kwa inu chilipo. Kwa ine kuli mpando woyang'ana kukhoma."

Malume anatola jekete lawo.

"Lero ndi tsiku langa la kuchipatala, ndipo mzere wake ukuudziwa. Ndikatuluka msanga ndidzera kwa kalipentala, tione chimene tingachite. Yesa monga alili, uzinjanja pang'ono. Koma chingwe chofiirachi chisakhudzidwe. Wamva?"

"Ndamva."

Anapita akutsokomola, mpaka anakhota pangodya ya nyumba.

4. Kha, kha, kha

Nthenga analembera mphunzitsi uja. Yankho linabwera la mawu awiri: "Lero basi."

Anayesa kunjanja pang'ono, analephera kuimanso. Anayesa kunjanja kwambiri, lamba anamenya simenti. Anayesa kasanu ndi kamodzi. Dzuwa linapendeka, Malume osaoneka.

"Mdala uja ndi wamantha," anatero Kapitawo. "Anaduka zala n'kuduka mtima womwe. Malamba awa amamanga katundu wa matani pa lole."

"Sananene kuti lamba ndi wofooka," anatero Wailesi. "Ananena mzati. Ine ngakhale ndimalongolola, ndimamvanso."

"Ndiye pita ukawaperekeze kuchipatala. Malo si anga, Nthenga, ine ndinakula kale. Ndi ako. Kwatsala mphindi makumi anayi."

"Ndikanakhala ine," anatero Wailesi, "ndikanasala kudya kuyambira Lolemba. Makilogalamu asanu akanachoka, nkhani yatha."

Palibe anaseka.

Nthenga anapita ku mzati. Anagwada pa chingwe chofiira. Mfundo ya Malume inali youma ngati mwala. Anaikanda ndi zikhadabo, kenaka anailuma ndi mano mpaka inakhwefuka.

"Nthenga, iwe," anatero Wailesi. Mawu ake anali atachepa.

"Ndimanganso tikangotha kukunga."

Anakoka chogwirira. Kha!

Anakokanso, ataponda phazi pa mzati. Kha!

Lachitatu linakana. Kapitawo anabwera, anagwira ndi manja onse awiri n'kulendewera ndi thupi lonse. Kha!

Wailesi anamenya lamba ndi chala. M'mawa ankalira motsika ngati bambo wodzuka kumene. Tsopano analira ngati udzudzu.

Nthenga anatenga chingwe chofiira kuti amangenso. Analowetsa uku, anadutsa pamwamba, anakoka. Mfundo inamasuka yokha. Anayesanso. Kodi Malume anati pansi kapena pamwamba? Anayesa kachitatu, chingwe chinangoterereka m'manja.

"Mphindi makumi awiri ndi zisanu," anatero Kapitawo. "Ukusoka diresi pamenepo?"

Nthenga anapinda chingwecho n'kuchiika m'thumba la kabudula wake. Pamene ankaimirira, anaona m'tsinde mwa mzati tinthu tofiirira, tonga masamba a tiyi, titamwazika pa simenti. M'mawa panalibe. Anayang'ana anzake. Onse anali pa foni. Anatisesa ndi phazi lopanda nsapato, tinalowa mu mng'alu.

"Mphunzitsi akufuna aone mpata pakati pa lamba ndi simenti," anatero Kapitawo. "Jambulira pansi."

Wailesi ananjuta mapazi atatu kuchokera pa chokungira, mutu wake uli m'mbali mwa lamba, foni ili kutsogolo. "Apa ndiye pakuoneka ngati kanema weniweni. Ukadzatchuka usadzaiwale amene anakujambula."

Nthenga anatsegula pakamwa kuti amuuze asendere kutali.

"Makumi awiri," anatero Kapitawo.

Anatseka pakamwa n'kupita ku mzati winawo.

5. Pakati

Lamba anali wolimba ngati thabwa. Chiyambire, Nthenga anali asanayendepo mosavuta chonchi. Phazi, phazi, manja m'mwamba, maso pa Wailesi. Anafika pakati. Anakhala. Pansi pa lamba panali mpata woti mphaka n'kudutsa ataimika mchira.

Ananjanja koyamba.

Mzati wa kwa Wailesi unalira. Sikunali kulira kwakukulu. Kunali ngati chitseko chakale chikamatsegulidwa pang'onopang'ono.

Nthenga anamva. Pansi panali pafupi. Akanatha kungotsitsa mapazi n'kuchokapo.

Ananjanja kachiwiri, ndi mphamvu zonse, ndipo lamba anamuponya m'mwamba. Mapazi ake anapeza lamba. Anaima.

"Sunakhudze!" anakuwa Wailesi. "Mayo ine, sunakhu..."

Mzati unagwada m'tsinde. Lamba anaphonyoka pamwamba pake, chokungira chinauluka. Panamveka mluzu, kenaka phokoso lina lalifupi, longa la dzungu logwa pa tebulo.

Nthenga anapezeka atagona chagada pa simenti, mpweya utathawa m'chifuwa. Anaona mitambo, ndi zovala zoyanikidwa pa makhonde a m'mwamba. Bwalo lonse linali zii.

Chete ameneyo ndiye anamudzutsa. Pamene panali Wailesi sipankakhala chete.

Wailesi anali atagona chammbali, nsapato imodzi itavuka. Chokungira chinali patsogolo pake pang'ono. Pamwamba pa khutu lake pankatuluka magazi, akutsata mng'alu wa simenti. Foni inali pafupi ndi dzanja lake, galasi litasweka.

"Wailesi. Iwe, Wailesi. Usachite zoseweratu."

Wailesi ankapuma. Koma sanayankhe.

6. Ndani anamanga?

Anthu anatsika m'nyumba zawo. Mayi wina anang'amba nsalu n'kumanga mutu wa Wailesi. Woyendetsa takisi wa pansanjika yoyamba anabweretsa galimoto mpaka pabwalo. Kwa nthawi yoyamba, pamalo oimika magalimoto panaima galimoto. Amayi a Wailesi analowa kumbuyo atanyamula mutu wa mwana wawo pamiyendo, akumuitana dzina lake lenileni mobwerezabwereza.

"Ndani anaika chinthu chimenechi pano?" anafunsa wina.

"Mdala wa zingwe," anayankha Kapitawo. "Iye ndi amene anamanga m'mawa. Ife timangoyendapo." Atatero anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo pamene anthu ankatembenuka anali atasowa.

Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa. Mdala wa zingwe. Uja wobwera. Uja wa zala zitatu. Tinkanena ife.

Kutatsala mphindi khumi kuti 5 koloko ikwane, Malume anatulukira pangodya. Paphewa anali atasenza miyendo iwiri yamatabwa, yokhomedwa kale, ikununkha utuchi. Ankayenda mothamanga, akupuma movutika. Ataona gulu la anthu anaima. Anatsitsa matabwawo pansi.

Anthu anawapatsa njira, osawalonjera.

Malume anagwada pa mzati n'kupisa chala m'dzimbiri. Anatola chokungira, anaona mmene lamba anakulungikira mkati mwake. Kenaka anapita ku mphete ya m'khoma. Anaisisita ndi zala zawo zitatu, kuzungulira yonse. Nthenga anali ataima pafupi, chigongono chikuchucha magazi.

Malume anayankhula motsitsa, moti anamva ndi Nthenga yekha.

"Chingwe chikaduka chimasiya ulusi pa mphete. Apa palibe ngakhale umodzi."

Kenaka anatembenukira kwa mphwawo.

"Wapweteka pati?"

"Chigongono chokha, Malume."

"Chabwino."

Pachipata panamveka phokoso. Anali bambo a Wailesi, atavala ovolosi ya kugalaja, manja ali bii ndi mafuta. Kumbuyo kwawo kunali wapolisi. Bambowo sanakuwe. Anayang'ana magazi pa simenti, anayang'ana chitsulo chimene chinali m'manja mwa Malume.

"Andiimbira kuchokera m'takisi," anatero. "Akuti mwana wanga sakutsegula maso. Ndikufuna ndidziwe chinthu chimodzi ndisanapite kumeneko. Ndani anamanga lamba ameneyu?"

Nthenga analowetsa dzanja m'thumba. Chingwe chinali chofunda.

"Ndine," anatero Malume.

Sanamuyang'ane mphwawo. Anapereka chokungira kwa wapolisi.

"Lamba ndi wanu, bambo?"

"Wanga."

"Mumadziwa kuti mzati unali wodyeka?"

"Ndimadziwa."

Gulu linang'ung'udza. Mayi wina analavula pansi. Wapolisi anawagwira pamkono mwaulemu, ndipo anayamba kuyenda. Malume anatsokomola mpaka anawerama, kenaka anawongoka. Mapepala a mankhwala a kuchipatala ankasuzumira m'thumba la jekete lawo.

Anthu anabalalika pang'onopang'ono. Pabwalo panatsala mzati wogwada, ndowa, miyendo iwiri yamatabwa, ndi manambala a Malume pa simenti: 200, 400, 800.

Amayi a Nthenga anafika akuthamanga kuchokera kusitolo, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anali atakumana ndi mlongo wawo panjira, ali pakati pa wapolisi ndi bambo a Wailesi. Anamugwira mwana wawo mapewa, anamuyang'ana kumaso, chigongono, mawondo. Kenaka maso awo anaima pa kabudula.

"Nthenga."

"Mayi."

"Kabudula ameneyu ndinasoka ndine. Thumba lake silitupa lokha." Anatambasula dzanja. "Tulutsa."